Fizi ya pafoni ndi mabuku a sukulu: kodi middleware ingatithandize?

Funso: Ndine akauntanti pa sukulu ina ya sekondale yomwe si ya boma, kufupi ndi pa boma la Dedza. Tili ndi ana pafupifupi 450. Makolo amalipira fizi pa Airtel Money, pa Mpamba, ena kubanki. Madzulo aliwonse ndimakhala pansi ndi foni ya sukulu n'kumakopera mameseji, imodziimodzi, kulowetsa mu QuickBooks, pulogalamu yathu yolembera mabuku a ndalama. Teremu yathayi tinabweza mwana kwawo ku Mayani kuti sanalipire, chonsecho bambo ake anali atatumiza kale ndalama kudzera kwa ejenti. Kwabwera mnyamata wa ku Lilongwe, akuti atiikire chinthu chotchedwa middleware kuti ndalama zizilowa zokha m'mabuku. Eni sukulu ati ndifunse kaye. Kodi chinthuchi n'chiyani, nanga chingatithetsere vutoli? Mayi wa ku Dedza.

Yankho: Eni sukulu anu achita bwino, mayi, paja safunsa anadya phula. Middleware ingakuthandizeni ndithu, koma ndikanakhala ine sindikanayambira pamenepo. Mwana wa ku Mayani uja sanabwezedwe chifukwa chosowa makina. Ndalama inafika ilibe chizindikiro choti ndi ya ndani. Meseji inabwera ndi dzina la ejenti, osati la bambo kapena la mwana, ndipo makina ngakhale odula bwanji sangalote dzina lomwe silinalembedwe.

Tiyambe ndi chinthucho. Pa sukulu panu pali mbali ziwiri zomwe sizidziwana. Mbali ina ndi QuickBooks, yomwe imadziwa kuti mwana wakuti ali ndi ngongole yakuti. Mbali ina ndi makompyuta a Airtel, a TNM ndi a banki, omwe amadziwa kuti ndalama yakuti yachoka apa yapita apo, koma za Fomu 3 kapena za teremu yachiwiri sazidziwa. Pakali pano wolumikiza mbali ziwirizi ndinu, ndi maso anu otopa a madzulo. Middleware ndi pulogalamu yoikidwa pamalo anu pamenepo. Imagwira ngati ankhoswe. Ankhoswe sakwatira kapena kukwatiwa, ndipo katundu wa m'banjamo si wawo. Amatenga mawu a kuchimuna n'kukawatula kuchikazi mwanjira yoti kumeneko amve, amabweretsa yankho, ndipo tsiku lomwe awiriwo ayamba kutsutsana, iwo ndi amene amakumbukira zomwe zinagwirizanidwa. Ntchito yomalizayi ndiyo yaikulu kuposa zonse, ngakhale ogulitsa mapulogalamu amakonda kukamba za liwiro.

Mwina simunazindikire, koma mumakumana nayo mwezi uliwonse. Mukamagula mayunitsi a ESCOM pa *211# kapena pa *444#, mumalemba nambala ya mita, mumaika pini, posakhalitsa tokeni ya manambala 20 yafika. Tokeniyo sipangidwa ndi kampani ya foni. Imapangidwa ndi makina ogulitsira magetsi, omwe amaiwerengera kuti igwire pa mita yanu yokhayo. Pakati pa foni yanu ndi makinawo pali pulogalamu yomwe yafunsa ngati mitayo ilipo, yanena kuti ndalama yadulidwa, n'kubweretsa tokeni. Chimodzimodzi polipira bilu ya madzi ku Central Region Water Board. Chomwe mnyamatayo akukulonjezani n'chakuti sukulu yanu izilandira ndalama motero.

Zikayenda bwino zimakhala chonchi. Bambo wagulitsa kachewere wake pa Lizulu, akufuna alipiriretu ndalama isanathere zina. Pafoni akusankha zolipira bilu, akulemba nambala ya sukulu, kenako nambala ya mwana. Makina a kampani ya foni akufunsa middleware kudzera pa khomo lotchedwa API, lomwe ndi njira yogwirizanidwa yoti pulogalamu ilankhulire ndi inzake popanda munthu. Middleware ikuyang'ana m'kaundula wa sukulu n'kubweza dzina la mwana. Bamboyo akuliona, akutsimikiza, akuika pini. Ndalama ikadulidwa, kampani ya foni ikutumiza uthenga wotchedwa callback, wokhala ndi nambala ya tiranzakishoni, kuchuluka kwa ndalama, nthawi, ndi nambala ya mwana ija. Middleware ikulemba uthengawo m'kaundula wakewake, ikuyankha kuti yaulandira, ndiye ikukachotsa ngongole mu QuickBooks n'kutumizira bambo uja lisiti pafoni asanakwere n'komwe minibasi.

Zimenezi sizitheka pa simu kadi wamba. Ngati foni ya sukulu ikulandira fizi monga momwe munthu amalandirira ndalama kwa m'bale wake, palibe khomo loti pulogalamu ilowerepo. Ena amaika kapulogalamu kowerenga mameseji pafoni n'kumakatcha middleware. Kameneko ndikukanizeni. Foni ikathima, meseji ikachedwa, kapena kampani ikangosintha kalembedwe ka meseji, kaima. Choipitsitsa, kamakhulupirira meseji yabodza ngati yeniyeni. Chofunika ndi akaunti ya bizinesi yolandirira malipiro, m'dzina la sukulu, yotsegulidwa ndi zikalata zolembetsera sukulu, TPIN ya ku MRA ndi akaunti ya kubanki. Pofunsira, funsani mosabisa mawu ngati akauntiyo imalola kuti wolipira alembe nambala ya mwana, komanso ngati imatha kutsimikiza nambalayo ndalama isanadulidwe. Si akaunti ya bizinesi iliyonse yomwe imachita zonse ziwiri.

Tsopano pa nambala ya mwanayo, pomwe pagona nkhani yanu yonse. Maina sathandiza. Pa ana 450 a ku Dedza, a Banda ndi a Phiri adzadza kalasi, Chisomo alipo anayi, ndipo wolipira nthawi zambiri ndi malume a mfunda wina kapena achimwene a ku Johannesburg. Mwana aliyense akhale ndi nambala imodzi kuyambira tsiku lolowa Fomu 1 mpaka polemba MSCE. Musaikemo kalasi m'nambalayo, poti kalasi imasintha chaka chilichonse, ndipo wobwereza amasokoneza. Musapatse mwana watsopano nambala ya yemwe anachoka. Ikhale ya manambala okhaokha, yaifupi, yoti gogo atha kuitchulira ejenti.

Kumapeto kwake onjezerani nambala imodzi yolondera zinzake. Njira yodziwika ndi ya Hans Peter Luhn, katswiri wa ku IBM wa zaka za m'ma 1950, ndipo ndi yomwe ili pa makadi a banki mpaka lero. Mwana akakhala 2417, kuwerengera kwa Luhn kumapereka 4, ndiye nambala yake yonse ndi 24174. Bambo akalakwitsa n'kulemba 24714, makina amakana pomwepo, chifukwa manambalawo sakugwirizananso ndi mlonda wawo. Popanda mlondayo, 2471 ikhoza kukhala nambala ya mwana wina, ndipo fizi ikalowa kwa iyeyo mwakachetechete. Njirayi imagwira kulakwitsa kulikonse kwa nambala imodzi, komanso pafupifupi kusinthanitsa kulikonse kwa manambala awiri oyandikana. Sifuna ndalama. Excel yomwe muli nayo kale ikhoza kukuwerengerani zonse 450 masana amodzi. Nambalayo isindikizidwe pa lipoti la kumapeto kwa teremu, pa kalata ya fizi, ndi pa chiphaso cha mwana.

Pali zina zomwe makina sangakusankhireni, ndipo muyenera kukhala pansi ndi eni sukulu n'kuzilemba. Kholo la ana atatu likatumiza ndalama imodzi, igawidwe bwanji? Ndalama ikakhala yosakwana, iyambe kutseka ngongole ya teremu yapita kapena ya teremu ino? Iyambe fizi kapena chakudya cha ogonera? Yopitirira ibwezedwe kapena isungidwe? Inu mumazichita ndi nzeru za pamtima chifukwa mumawadziwa makolowo. Pulogalamu ifuna lamulo limodzi lolembedwa, ndipo mukapanda kulipereka, mnyamatayo adzangodzipangira lake. Koposa zonse, ndalama yomwe sikudziwika mwini isatayidwe kapena kukanikizidwa kwa mwana amene akuoneka ngati ndiye. Ilowe mu akaunti yodikirira, ija akauntanti mumaitcha suspense, ndipo m'mawa uliwonse muziona mndandanda wake.

Middleware yabwino ndi yoipa zimafanana tsiku lomwe zonse zikuyenda. Kusiyana kumaonekera netiweki ikavuta, ndiye mafunso anu kwa mnyamatayo akhale a tsiku loipa.

Makampani olipiritsa akatumiza callback n'kusamva yankho, ambiri amatumizanso, chifukwa iwo sadziwa ngati uthenga woyamba unafika. Ndi khalidwe labwino kumbali yawo, koma kwa inu likutanthauza kuti uthenga wa ndalama imodzi ukhoza kubwera kawiri kapena katatu. Ndinaitanidwapo ku kampani ina yogulitsa fetereza ndi mbewu pangongole cha ku Ntcheu, komwe mabuku ankasonyeza kuti alimi ena alipira mopitirira, pomwe kubanki ndalama zinali zochepa. Anayamba kukayikirana okhaokha, mpaka kalaliki wina anatsala pang'ono kuchotsedwa ntchito. Titafufuza tinapeza kuti pulogalamu yawo inkachedwa kuyankha nthawi yomwe intaneti yafooka, uthenga unkabweranso, ndipo iyo inkalembanso ngati ndalama yatsopano. Palibe amene anaba. Mankhwala ake ndi apafupi: nambala ya tiranzakishoni iliyonse iloledwe kulembedwa kamodzi kokha, ndipo ikabweranso pulogalamu ingoyankha kuti inalandira kale, osakhudza mabuku. Akatswiri amati idempotency. Mukalitchula liwu limeneli mnyamatayo n'kuyamba kuyang'ana kudenga, dziwani kuti sanaphunzirebe ndi ndalama za anthu.

Palinso tsiku lomwe uthenga sufika n'komwe, chonsecho kholo ladulidwa ndalama. Middleware isamangokhala chete kudikira. Iyenera kumabwerera kukafunsa kampani ya foni za malipiro aliwonse omwe anayambika koma sanamveke mathero ake. Pali ndalama zobwezedwa, pamene kholo ladandaula kuti linalakwitsa ndipo kampani yabweza. Pamenepo zolembedwa zisafufutidwe. Pakhale mzere watsopano wotsutsa woyamba uja, kuti oditala akadzabwera adzaone mbiri yonse.

Ndiye magetsi. Simukufunika kuti ndikuuzeni za kuthima kwa magetsi kapena za netiweki ya m'mapiri a kwanuko nthawi ya chifunga. Makolo amalipira usiku, Lamlungu, ngakhale pa tchuthi. Choncho middleware isakhale pa kompyuta ya mu ofesi mwanu, yomwe mumaithimitsa poweruka. Ikhale pa seva, kompyuta ya pa intaneti yosagona, ilandire uthenga, iusunge pamzere, ndipo mabuku anu akapezeka iwapatse motsatira ndondomeko yomwe malipiro anabwerera. Apa pakufunika kudziwa QuickBooks yomwe muli nayo. QuickBooks Online ili ndi API yofikirika pa intaneti nthawi iliyonse. QuickBooks Desktop, ya pa kompyuta imodzi ija, imadalira kapulogalamu kotchedwa Web Connector, komwe kamakatenga zomwe zikudikira pokhapokha kompyutayo ikayaka. Zonse ziwiri zimatheka, koma yachiwiriyi ikutanthauza kuti ngongole yomwe kholo likuona pafoni ikhoza kukhala ya dzulo. Ndinenenso mwakachetechete kuti ngati pulogalamu yanu ndi ija yoikidwa ndi mnzanu popanda laisensi, konzani zimenezo kaye musanamangepo china pamwamba pake.

Musaganize kuti ntchito yanu yatha makina akabwera. Yasintha chabe. M'malo mokopera mameseji, muzifananiza mabuku atatu: kaundula wa middleware, sitetimenti ya kampani ya foni, ndi sitetimenti ya kubanki. Atatuwa sagwirizana okha, ndipo pa zifukwa zabwino. Tiyerekeze kuti kholo lalipira K150,000 ndipo mgwirizano wanu ndi woti kampani izidula 1 peresenti. Kubanki kufika K148,500. Mwana alembedwe kuti walipira K150,000 yonse, ndipo K1,500 ilowe ku zowonongera za sukulu. Pulogalamu yosaganizira zimenezi imasiya mwana aliyense ndi kangongole kakang'ono komwe si kake, ndipo mudzakangana ndi makolo pachabe. Komanso ndalama za tsiku lonse zimafika kubanki zili mulu umodzi, nthawi zina tsiku lina. Za Lachisanu madzulo zikhoza kuoneka sabata yotsatira. Middleware yabwino imakuuzani kuti mulu uwu wapangidwa ndi malipiro awa, ndipo imakuonetsani atatu kapena anayi okha omwe sakugwirizana. Ntchito ya maola atatu imasanduka ya mphindi zochepa, koma iyenera kuchitika tsiku lililonse, ndipo ndi munthu.

Za chitetezo ndikhala wouma mtima pang'ono. Ndalama isadutse mu akaunti ya mnyamatayo kapena ya kampani yake, ngakhale kwa ola limodzi. Wosunga kapena kuyendetsa ndalama za anthu ena amayenera kukhala ndi chilolezo cha Reserve Bank of Malawi pansi pa lamulo la Payment Systems Act la 2016. Ngati iye akungolemba pulogalamu, uthenga wokha ndiwo uzidutsa kwa iye, ndalama izichoka kwa kholo kupita ku akaunti ya sukulu. Ngati akuti ndalama izifikira kwa iye kaye, aonetse chilolezo, ndipo inu mukatsimikize nokha ku Reserve Bank. Makiyi a API, omwe ali ngati pasiwedi ya pulogalamu, atengedwe m'dzina la sukulu, pa imelo ya sukulu, ndipo akhale olandirira ndalama okha, osati otulutsira. Makiyi otulutsira ndalama akagwera m'manja olakwika, akaunti imauma usiku umodzi. Callback iliyonse itsimikizidwe kuti yachokeradi ku kampani ya foni, ndipo njira yodalirika ndi yoti pulogalamu ibwerere kukafunsa za nambala ya tiranzakishoniyo isanalembe m'mabuku. Popanda zimenezo, mwana wochenjera wa Fomu 4 yemwe wadziwa adiresi ya seva atha kudzilipirira fizi ndi uthenga wopeka. Kumbukiraninso kuti m'kaundulamo muli maina a ana, manambala a foni a makolo ndi ngongole zawo. Kuyambira 2024 dziko lino lili ndi lamulo la Data Protection Act, lomwe limayang'aniridwa ndi MACRA, ndipo woyankha mlandu zinthuzi zikatayika ndi sukulu yomwe inazitolera. Kholo likalemba nambala, pafoni pazioneka dzina lokwanira kungotsimikizira, osati mbiri yonse ya mwana.

Mwina mnyamatayo atchula Natswitch. Amenewo ndi makina omwe kuyambira 2015 akhala akulumikiza mabanki a m'dziko muno, pambuyo pake ndi makampani a ndalama za pafoni. Ndi chitsanzo chabwino cha mkhalapakati wamkulu, koma sukulu silumikizidwa kumeneko mwachindunji. Inu mumadzera ku banki yanu, ku kampani ya foni, kapena ku kampani yosonkhanitsa njira zolipirira.

Nanga mugule kapena ayi? Kwa sukulu ya ana 450, yomwe ndalama zake zimabwera mothithikana katatu pachaka, sindingakulangizeni kulemba pulogalamu yolumikizana padera ndi Airtel, padera ndi TNM, padera ndi banki iliyonse. Khomo lililonse lili ndi mgwirizano wake, kayesedwe kake ndi kusintha kwake, ndipo walira mvula walira matope: chilichonse cholumikizidwa chimafuna wochisamalira chaka ndi chaka. Zimenezo n'zoyenera mabungwe a madzi kapena mayunivesite. Kwa inu ndikuona njira ziwiri. Yoyamba ndi kupita ku banki yanu kukafunsa ngati ingaike sukulu pa mndandanda wa olipiridwa pafoni, monga momwe mabungwe ena amaonekera pa Mo626 ya National Bank ndi njira zina za mabanki, n'kumakupatsani failo ya tsiku ndi tsiku yokhala ndi nambala ya mwana pa mzere uliwonse. Failo yotero, ya mtundu wa CSV womwe umatseguka mu Excel, ikhoza kulowetsedwa m'mabuku ndi kapulogalamu kakang'ono. Imeneyonso ndi middleware, yongoyenda kamodzi patsiku, ndipo kwa masukulu ambiri ndi yokwanira. Yachiwiri ndi kudzera ku kampani yosonkhanitsa njira zolipirira, monga PayChangu ndi ena otero, yomwe yalumikizana kale ndi makampani a foni, kotero kuti mnyamata wanu angolemba mlatho umodzi wochoka kumeneko kufika mu QuickBooks. Mudzalipira kanthu pa ndalama iliyonse yolowa, ndiye werengerani pa fizi ya chaka chonse, musangomva kuti ndi kaperesenti kochepa.

Mukagwirizana ndi mnyamatayo, zilembedwe. Pulogalamuyo ndi ya ndani akamaliza? Seva ili m'dzina la ndani, ndipo amalipira ndani mwezi uliwonse, poti maseva ambiri akunja amalipiridwa m'madola? Zikaima Lolemba lotsegulira sukulu, afika kapena ayankha pa maola angati? Akapeza ntchito kunja, wina angapitirize ndi zomwe wasiya zolembedwa? Gawo lomaliza la malipiro ake lidikire mpaka teremu imodzi yathunthu itadutsa mabuku akugwirizana.

Asanakhudze ndalama zenizeni, akuonetseni pa malo oyesera omwe makampani olipiritsa amapereka, otchedwa sandbox, inu muli pomwepo. Mumuuze atumize uthenga umodzi kawiri muone ngati ngongole itsike kamodzi. Alembe nambala yolakwika. Alipire ndalama yosakwana, kenako yopitirira. Muzimitse kompyuta ya mu ofesi, alipire, muyatse pakapita ola muone ngati ndalamayo ilowe. Zikadutsa zonsezi, yambani ndi kalasi imodzi pakati pa teremu, osati sabata yotsegulira, ndipo kwa teremu imeneyo pitirizani kulemba pamanja pambali kuti muzifananiza.

Makolo ambiri a ku Mayani, ku Lobi kapena ku Golomoti apitirizabe kulipira kudzera kwa ejenti, ndiye ma ejenti a m'misika yomwe ana anu amachokera apatsidwe kapepala konena momwe angalipirire ku akaunti yatsopano, ndipo nambala yakale ya foni ilengezedwe kuti yasiya kulandira fizi. Ena adzatumizabe kumeneko kwa miyezi ingapo, choncho musaitaye simuyo msanga. Ndipo kuyambira mawa lomwe, makina asanabwere, pemphani a hedi kuti mwana asamabwezedwe kwawo inu musanayang'ane mu akaunti yodikirira ija ndi kuimbira kholo kufunsa nambala ya tiranzakishoni.